Mwendo Umene Ndinakana Kupereka

Tadala ndi iwe Chifundo, nkhani za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amazikometsera kuposa ine. Ine ndikulemba za ntchito basi, chifukwa ndatopa kukumvani mukuuza anzanu kuti bambo anu ankagwira kuchipatala, ngati kuti ndinkabaya anthu jakisoni. Ine ndinkapanga miyendo. Munthu akadulidwa mwendo, madokotala akasoka n'kusamba m'manja, ankamutumiza kwa ine kuti ayendenso. Ndalemba m'Chichewa dala. Pamene pakuvuteni mufunse amayi anu, osati kundiimbira foni kuti ndikumasulireni.

2001, Newcastle

Ntchito yanga yoyamba kuno ndinaipeza ku Newcastle, nditangomaliza maphunziro amene anandibweretsa. Kwathu ndinali nditagwirapo kale m'kachipinda kena kuseri kwa chipatala, kumene mapazi tinkasema ku mtengo, kunsi kwake n'kumata zidutswa za matayala akutha. Ndiye ndinafika ndikudziona ngati katswiri. Tsiku loyamba sindinamvepo kanthu. Chingerezi cha kumeneko, ana anga, si chija tinkaphunzira kusukulu. Amachilankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinkangogwedeza mutu n'kumaseka pamene anzanga aseka.

Bwana wanga anali mkulu wina wamfupi, wadazi, dzina lake Keith. Nditawaitana kuti bwana kangapo, anaika nyundo pansi. "Iwe, dzina langa ndi Keith. Ukanenanso bwana, tiyi wa anthu onse muno uzipanga ndiwe mpaka Khirisimasi." Tiyi ndinapanga ndithu, chifukwa lilime linkakana kutchula munthu wa imvi ndi dzina lake ngati mwana.

Chimene chinandipsetsa mtima mwezi woyamba chinali chimgolo chachitsulo kuseri kwa nyumba. Ndinapita kukataya zinyalala, n'kupeza miyendo itadzaza, ina yatsopano ndithu, eni ake atamwalira kapena atapatsidwa ina. Ndinabwerera nditanyamula iwiri m'khwapa. "A Keith, kodi mukudziwa kuti kwathu munthu amakwawa zaka zambiri kudikira chinthu ngati ichi?" Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndikudziwa. Koma kuno mwendo wa munthu wina suvekedwa kwa wina. Ngati ukufuna, masula zitsulozo pa nthawi yako yopuma, ndikupezera bokosi." Tinkamasula tonse awiri masana, iwo akudya buledi wawo ndi dzanja limodzi, ndipo anthu ena a tchalitchi ankatumiza mabokosiwo kwathu.

Ku Newcastle komweko ndi kumene ndinaphunzira kuopa bala. Kunali a Norman, mkulu amene anagwira ntchito yomanga sitima zapamadzi moyo wake wonse, ndipo matenda a shuga anawadulitsa mwendo kunsi kwa bondo. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, iwo n'kumafuna kumuperekeza m'tchalitchi akuyenda okha. Bala linali lisanatseke bwino. Anachonderera, analira, mpaka mnzathu wina wamtima wabwino anawapatsa mwendowo kuti tsiku limodzi lokha silingalakwe. Anayendadi, ndipo zithunzi tinaziona, zinali zokongola. Ukwati utatha bala linatseguka, linayamba kuola, madokotala n'kudulanso pamwamba pa bondo. Muzimvetse bwino izi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu amene ali ndi bondo lake, ukamupangira mwendo wabwino amakwera basi, amapalasa njinga, ena sadziwa n'komwe kuti anadulidwa. Wopanda bondo, mwendo amachita kuukoka kuchokera m'chiuno, ndipo ambiri amatopa nawo n'kuusiya pakona. A Norman sindinawaonenso ataimirira.

2004, Sheffield

Tinasamukira ku Sheffield chifukwa amayi anu anapeza ntchito ya unamwino kumeneko. Amene anaganiza zomanga mzinda pamapiri amenewa sanaganizire anthu a mwendo umodzi. Wodwala ankayenda bwinobwino m'kiliniki mwathu pansi posalala, mawa lake n'kubwera atakwiya kuti mwendo ukumugwetsa, chonsecho vuto ndi chitunda cha kwawo. Ndinaphunzira kufunsa kaye kuti, "Mumakhala msewu uti?" ndisanagwire sipanala.

Bwana wanga watsopano anali mayi wamtali, a Maureen, amene sindinawamvepo akukweza mawu. Akakwiya ankangovula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ndiye tonse tinkadziwa kuti lero kulibe nthabwala. Mavuto a kuno anali osiyana ndi a kwathu. Kwathu tinkasowa zitsulo, anthu ogwira ntchito tilipo. Kuno zitsulo zinali mbwee, manja ndiye kunalibe. Anzathu akachoka sankalowedwa m'malo, ndipo odwala ankadikira miyezi kuti tingowayeza. Ndinkafika kunyumba zala zitauma ndi pulasitala, inu n'kumandithawa kuti ndikununkha guluu.

Ku Sheffield ndi kumenenso tinapeza Amalawi anzathu ambiri, ku mpingo uja unkasonkhana Lamlungu masana m'holo yobwereka. Atangomva kuti ndimagwira kuchipatala, basi ndinasanduka a dokotala. Wa dzino, kwa ine. Wa mimba, kwa ine. Wina anandiimbira kuti ndikamulankhulire kuti opaleshoni ya mkazi wake ifulumire. Ndinkati, "Abale, ine ndimapanga miyendo, mkazi wanu ali nayo yonse iwiri!" Koma sankamva. Kwathu ukakhala ndi m'bale kuchipatala sukhala pamzere, ndipo maganizo amenewo anthu anakwera nawo ndege.

2007

Tsiku lina a Maureen anasuzumira m'chipinda changa. "Kwabwera msilikali wa kwanu. Salankhula ndi munthu aliyense. Mwina iwe akuyankha."

Ndinapeza mnyamata wamapewa aakulu atakhala pachikuku, mutu uli pansi, kumbuyo kwake kutaima mayi wachitsikana wovala yunifomu ya m'nyumba zosamalira okalamba. Ndinati, "Muli bwanji asilikali?" Anadzutsa mutu mwadzidzidzi. "Ndili bwino, kaya inu abambo?" Ndinafunsa kwawo, anati ku Dedza. Ndinati, "Ndiye chisanu cha kuno si chachilendo, munabadwira m'firiji inu." Anaseka pang'ono, ndipo mayi uja anayamba kulira pomwepo, akuti sanamumve akuseka chitulukireni m'chipatala.

Mnyamatayo anali Lameki Phiri, mayiyo anali mlongo wake Esinati, amene ankakhala ku Wakefield. Nthawi imeneyo anyamata a kwathu ankaloledwa kulowa usilikali wa dziko lino, ndipo Lameki anali mmodzi mwa iwo. Atavulala, akuluakulu ake anamulola kukachirira kwa mlongo wakeyo, ndiye kiliniki yathu ndi imene inali pafupi. Nditafunsa, monga ndinkafunsira aliyense, kuti chinachitika n'chiyani, Lameki anangoyang'ana kuwindo. Anayankha ndi Esinati. Gulu lake linkapita ku nkhondo ya ku Iraq. Ali padoko, akukweza katundu m'sitima, lole yawo yomwe inabwerera m'mbuyo n'kumupanikiza mwendo kukhoma. Anzake ananyamuka, iye anatsala m'chipatala, kumene anamudula mwendowo. Bala linavuta, anamudula kachiwiri, ndipo kunsi kwa bondo kunangotsala kachidutswa kotalika ngati chikhatho changa. Nditakaona ndinadziwa kuti palibenso podula pena: zikalakwikanso, bondo lapita.

Tinagwirizana msanga. Anayamba kundiitana ankolo, ankabwera ndi nkhani za mpira, ndipo Esinati ankanditengera mandasi m'chikwama. Ndinamuyeza, ndinaumba chikho chimene mwendo wotsalawo umalowamo, ndinamangirira chitsulo ndi phazi. Unali mwendo wabwino, sindikudzitama ayi. Tinauyesa kamphindi kochepa pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, kenako ndinauvula n'kuuika pashelefu. Pamsoko panali kabowo kakang'ono ngati nyemba kamene kankatulukabe madzi, ndipo mwendo sutuluka m'kiliniki kabowo koteroko kasanatseke.

Nkhani ya mendulo ndinaimva kwa Esinati. Anzake a Lameki anali pafupi kubwerako, ndipo aliyense ankayembekezera mendulo ya nkhondoyo. Lamulo linkati mendulo ndi ya amene anaponda dziko la nkhondolo. Wina amene anakakhala kumeneko akuphika tiyi, yake inalipo. Lameki, amene anasiya mwendo padoko atavala yunifomu, akugwira ntchito ya nkhondo yomweyo, analibe. Esinati sanagone nayo nkhani imeneyi. Anapita mpaka ku ofesi ya phungu wa dera lake, kumene anamulandira bwino, anamupatsa tiyi, n'kumuuza kuti akumva chisoni kwambiri koma lamulo ndi mmene lilili. Masiku amenewo m'manyuzipepala anthu ankakangana kuti asilikali ovulala azipatsidwa ulemu wawowawo, ndipo ku mpingo tinkawerenga ndi chiyembekezo. Koma ukawerenga mpaka pansi unkapeza kuti onse akunena za ovulazidwa ndi adani. Ine zinkandinyansa. Ndagwira miyendo yodulidwa moyo wanga wonse, ndipo sindinaonepo bala limene limapweteka pang'ono chifukwa choti analipanga ndi mnzako.

Kenako kunamveka kuti gululo lidzachita perete m'tauni ina kufupi ndi kampu yawo, litavala mamendulo atsopanowo. Lameki anauzidwa kuti akhoza kubwera kudzaonerera. Tsiku limenelo anafika ku kiliniki yekha, pa ndodo, ndipo sananene za mpira.

"Ankolo, ndikufuna mwendo wanga Loweruka la perete."

"Bala silinatseke, Lameki."

"Tsiku limodzi lokha. Lolemba ndidzaubweza."

"Pita pa ndodo. Ukatopa, chikuku ndikukankhira ine."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Simukundimva, ankolo. Sikuti ndikufuna kuguba ayi, ndikudziwa kuti pamzere sandiikapo. Ndikungofuna ndikaime pakati pa anthu thalauza itatsika mpaka pansapato, ndiwaone anzanga akudutsa, ndibwerere. Ndikapita chonchi," analoza thalauza yake yopindidwa pabondo, "mnyamata wa mwendo umodzi pa tsiku la asilikali, aliyense adzandigwira chanza. Adzandifunsa kuti kunali kuti. Ndiziti chiyani? Ndiname kuti linali bomba? Kapena ndiuze tauni yonse kuti inandiponda ndi lole yathu yomwe, nkhondo ndisanaione n'komwe?" Anandiuza kuti sabata yomweyo woyendetsa takisi wina atamva kuti ndi msilikali anatsika n'kumuchitira sawatcha, ndipo iye anamva ngati waba chinthu cha mwini.

Kunena zoona, mpaka pamenepo ndinkaganiza kuti akufuna kudzionetsa. Kumva kuti akufuna kubisala kunandifoola.

Ndinapita kwa a Maureen ndikuyembekezera kuti akana, ine n'kupeza ponamizira. Anamvetsera yonse, anavula magalasi, anawapukuta. "Ndi wodwala wako, ndipo balalo ukulidziwa kuposa ine. Ukaona kuti n'zotheka, mupatse, ndidzaima nawe. Ukaona kuti ayi, ndidzaimanso nawe." Ha! Ndinatuluka ndili wokwiya ndi mayi amene sanandilakwire chilichonse. Anandibwezera katundu yense pamutu panga.

Lamlungu titaweruka ku mpingo kunabwera alendo kunyumba. Mwina iwe Tadala ukukumbukira, tinakuthamangitsirani kuchipinda chapamwamba. Anali Esinati ndi a Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu, munthu amene ndinkamulemekeza. Amayi anu anaika tiyi, tinafunsana za moyo, za ana, za kumudzi, monga mwa mwambo. Kenako a Kachingwe anaika kapu pansi.

"A Mbewe, sitinabwere kudzakuphunzitsani ntchito yanu ayi. Koma mwanayu dziko la eni lamukana mendulo, lamukananso pamzere. Kodi nafenso, a kwawo, timukane? Mulungu sanakuikeni m'chipatala chija pachabe. Chibale ndi fupa, a Mbewe."

Esinati anatsika pampando n'kugwada pakapeti. "Ankolo, mlongo wanga sakudya. Ine ndimapita ku ntchito ndikuopa chimene ndikachipeze pobwera. Tsiku limodzi lokha, ndidzamuyang'anira ndekha, akatopa ndidzamukhazika pansi."

Amayi anu anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinamva chimene ankatanthauza: nenani kuti abwana akana, anthuwa apite mwamtendere, chibale chitsale. Zikanakhala zophweka. Amalawi tonse kuno tikudziwa kuti lamulo la azungu silinyengereredwa, ndipo palibe amene akanandiimba mlandu. Koma mnyamatayu anali atamva kale mawu akuti lamulo kuchokera kwa anthu amene sankafuna kumuyang'ana kumaso, ndipo ine sindinafune kukhala mmodzi wa iwo. Ndinati, "Dzuka, Esinati, usandigwadire. Abwana sanakane, asiyira ine. Ndidzalionanso balalo perete asanafike. Likatseka, mwendo atenga. Likapanda kutseka, ndidzakana, ndipo mudziwiretu kuti wokanayo ndine." A Kachingwe anati tipemphere. Anapempherera bala, anapemphereranso mitima youma, ndipo ndinadziwa mtima umene ankanena.

Lameki anabwera kutatsala pang'ono kuti Loweruka lija lifike. Ndinamasula bandeji pang'onopang'ono. Bala likanakhala lotseguka kwambiri sindikanavutika, koma linali litachita bwino, kabowo kaja katachepa kufika pa kambewu ka mapira. Lameki anakaona ndipo nkhope yake inawala. "Mwaona ankolo? Latseka!" Ndinakanikiza m'mbali mwake ndi chala chachikulu. Kunatuluka kadontho kamodzi ka madzi achikasu. Kamodzi kokha. Ndinayamba kuwerengera m'mutu ulendo wonse: masitepe a pasiteshoni, sitima, kuima pamsewu wozizira kuyambira m'mawa, thukuta m'chikho chija, khungu likukhuzika pa sitepe iliyonse. Mwina akanapulumuka. Anyamata amagazi amphamvu ambiri amapulumuka. Koma akanapanda kupulumuka, sindikanakhala ndi bondo lina loti ndimupatse.

"Sindikupatsa, Lameki."

"Kadontho kamodzi, ankolo?"

"Kadontho kamodzi komweko. Dikira pang'ono mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Miyambi muziwauza ana anu." Anayamba kumanga yekha bandeji. "Azungu anandiuza kuti sindinavulale moyenera. Inu mukundiuza kuti sindinachire moyenera. Ndiye ine ndidzachita chiyani choyenera m'dziko muno?"

Apa mtima wanga unandithawa, mukundidziwa. Ndinakweza mawu. "Iwe, perete ameneyu atha tsiku lomwelo, anthu akamwa mowa n'kuiwala! Bondo ili uyenda nalo mpaka ukalamba, udzathamangira nalo ana ako! Ukufuna ndikugulitsire moyo wako wonse chifukwa choopa mafunso a anthu osawadziwa?" Anatenga ndodo zake, anaimirira, ndipo pakhomo anatembenuka n'kundiuza m'Chingerezi, mwaulemu wonse, kuti akupempha kuti kuyambira lero azionedwa ndi munthu wina. Chingerezi chimenecho chinandilasa kuposa akanandilavulira.

Loweruka lija ndinapita ku perete. Palibe anandiitana, ndipo amayi anu anati ndikupita kukadzitengera manyazi. Ndinkangofuna kudziwa ngati Lameki wabwera. Kunali kamvula kowaza ndi mphepo, anthu atadzaza mbali zonse za msewu, ana atakwezedwa pamapewa. Ndinamuona msanga, chifukwa anali wamtali: suti yakuda, chipewa cha gulu lake kumutu, ndodo ziwiri, thalauza yamanzere itapindidwa n'kugwiridwa ndi mapini. Esinati anali pambali pake. Ndinazungulira n'kukaima kumbuyo kwawo, anthu angapo ali pakati pathu, pamene ndinkatha kumva koma osaonekera.

Zonse zimene ananena zinachitika. Bambo wina wonenepa anamugwira chanza ndi manja awiri. Mayi wina anamusisita pamkono n'kumati Mulungu amudalitse. Wina anauza mwana wake kuti, "Ona, uyo ndi ngwazi." Lameki ankangoyang'ana kutsogolo, nsagwada zitalimba, ndipo khosi lake ndinkaliona likutuluka thukuta m'chisanu chimenecho. Amene ndinamuimika pamenepo chonchi ndinali ine, ndipo ndinafuna nthaka itang'ambika.

Kutsogolo kwenikweni, pachingwe chotchinga msewu, kunali nkhalamba ina yokhala pa kampando kopinda, chifuwa chonse mamendulo okhaokha. Inatembenuka, inayang'ana thalauza ija, inayang'ana chipewa. "Kunali kuti, mwana wanga?"

Ndinaona Esinati akumugwira mlongo wake pamkono. Lameki anayankha mokweza kuti onse apafupi amve. "Sindinafikeko. Inandiponda ndi lole yathu padoko, tikukweza katundu m'sitima."

Bambo wonenepa uja anayamba kuyang'ana foni yake. Nkhalamba ija sinachotse maso.

"Sitimayo inkapita kuti?"

"Ku Iraq."

"Iwe ukanakwera?"

"Ndikanakwera."

Mkuluyo anadzuka movutikira, anapinda kampando kake n'kukakokera pambali. "Bwera uime apa kutsogolo. Ine maperete ndinaona ambiri."

Lameki anasendera pachingwe paja. Posakhalitsa ng'oma ndi malipenga zinamveka, gulu lija n'kutulukira pakona, mamendulo akung'anima pachifuwa chilichonse. Asilikali akamaguba satembenuza mutu, koma ndinaona maso a ena akuthawira kumbali pamene ankamudutsa. Lameki anapereka ndodo imodzi kwa mlongo wake, anawongoka mmene akanathera pa mwendo umodzi, ndipo anakhala choncho mpaka womaliza anadutsa. Ine ndinachoka asanacheuke.

Musaganize kuti nkhani inathera m'kukumbatirana. Mendulo sanalandire, ndipo mpaka ndinapuma ntchito sindinamve kuti anthu ngati iye aganiziridwa. Esinati anasiya kubwera ku mpingo wathu, a Kachingwe ankandipatsa moni wa nsonga za zala, ndipo mawu anayenda pakati pa Amalawi kuti a Mbewe anasanduka mzungu. Zimenezo zinkawapweteka kwambiri amayi anu, chifukwa ku misonkhano ya amayi nkhani inkaduka iwo akangolowa. Tinakangana nazo kangapo. Iwo ankati kunama kamodzi kokha kuti abwana akana kukanatipulumutsa tonse. Mwina ankanena zoona. Ine mpaka lero sindikudziwa ngati kuima kuja pachingwe kunamuchiritsa mnyamatayo kapena kunangomuwonjezera bala lina, chifukwa sanandiuzepo, ndipo sindikufuna kumuyankhira.

2008

Bala linatseka lokha chaka chisanathe. Mwendo uja anauchotsa pashelefu ndi mnzanga Graham, amene a Maureen anamupatsa Lameki monga anapemphera. Graham ankabwera kudzandifunsa mobisa za apa ndi apo, ine n'kumamuuza pofunika kupala ndi pofunika kumasula, koma m'chipinda chawo sindinalowemo. Ndinkadziwa masiku amene Lameki ankabwera, ndipo ndinkapeza chochita kosungira zipangizo.

Tsiku lina kutayamba kufunda ndinasokoneza masiku. Ndinkachokera kosungira zipangizo nditanyamula bokosi la mapazi, ndipo kumapeto kwa khonde lalitali lija kunatulukira mnyamata wamtali wa jekete lachikopa, wopanda ndodo, thalauza itatsika mpaka pansapato. Ndinamuzindikira atayandikira kuti ndi Lameki. Pothawira panalibe. Ndinaima, ndinati, "Muli bwanji asilikali?"

Anandidutsa ngati akudutsa mtengo wa magetsi. Mwana wa ku Dedza, kudutsa munthu wamkulu amene wamupatsa moni! Zinandiwawa, ana anga, ndipo pamene ndikulemba pano zikundiwawabe. Ndinatsala pomwepo bokosi lili m'manja, ndikumva nsapato zake zikugunda pansi kumbuyo kwanga, ndipo khutu la ntchito linayamba lokha kumvetsera. Zonse ziwiri zinkalira chimodzimodzi, popanda yofulumira kapena yokokedwa. Ndinatembenuka. Anali atafika pamasitepe otsikira kunja, pamene chikepe cha odwala chinali chotsegula pambali pake. Sanachiyang'ane n'komwe. Anatsika phazi limodzi pa sitepe iliyonse, manja ali m'thumba, bondo likupindika.